Nsalu Yanu Yalowa ku Nyumba ya Malamulo

Amayi,

Kaya kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Ife kuno ku Mkanda tilipo. Mphepo ya chaka chino inatikwapula mpaka miyendo kuchita mbuu, koma tsopano kwayamba kufunda, ndipo mango aja a kuseri kwa khitchini achita maluwa ambiri. Ndine Esinta. Ndikudziwa kuti mwandizindikira kale ndi zilembo zangazi, zimene munkati zimaoneka ngati papalasa nkhuku.

Papita miyezi isanu ndi iwiri chikuikireni m'manda, ndipo aka ndi koyamba kuti ndikhale pansi ndikulembereni. Ndili ndi nkhani zabwino zingapo, komanso ndili ndi mlandu woti ndiulule. Ndiyamba ndi zabwinozo. Ndinaphunzira kwa inu nomwe, poti mukafuna kundikalipira munkayamba mwandifunsa ngati ndadya.

Mkazi wa Maliko anachira mu Epulo, mwana wamkazi. Anamutcha Rozina, dzina lanu, ndipo si dzina lokha limene watenga. Mphumi ndi yanu, ndipo akakwiya amakwinya nkhope monga munkachitira mavenda akakuuzani mtengo wachipongwe. Mlongo wangayo sanamuone mwana wake mpaka patapita masiku atatu. Thiraki yake inali pamzere pa bodala kudikira mapepala a katundu, ndiye ankangoimba foni kosalekeza mpaka mkazi wake anaithimitsa kuti apumule.

Mtedza wa munda wa kumtunda unachita bwino. Chimanga ndiye cha apo ndi apo, chifukwa mvula inadula pamene chinkatulutsa ngaiyaye, koma tifika nacho. Bambo a Yankho anenanso kuti chaka chino ndi chomaliza kulima fodya. Mukudziwa kuti amatero chaka chilichonse, ndipo pamene ndikulemba pano ali kudimba kukonza nazale. Mbuzi yanu ya diso limodzi ija inaswa ana awiri. Imabwerabe pakhomo panu m'mawa uliwonse kudzadikira makoko a mbatata, ndiye ndimaipatsa ine.

Tsopano khalani bwino ndikuuzeni za mdzukulu wanu. Yankho ali ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Musafulumire kululuta, sanalembedwe ntchito. Ku koleji kwawo, ophunzira akafika chaka chachitatu amawatumiza kumaofesi kwa miyezi itatu kuti akaone ndi maso zimene akhala akuwerenga m'mabuku. Amati atachimenti. Anzake ena anapita ku makhonsolo, ena ku mabungwe. Iye, osauza munthu, analemba kalata yopempha malo ku Nyumba ya Malamulo. Anamuitana, anamufunsa mafunso, kenako anamutenga pamodzi ndi anzake ochepa a m'makoleji ena. Anandiimbira foni ndili pa mjigo, ndipo ndinabwerera kunyumba ndowa nditaiwala komweko.

Ndinakukumbukirani nthawi yomweyo. Mukukumbukira mmene munkamvera aphungu pa wailesi mukuswa mtedza pakhonde? Chingerezi chinkakudutsani, koma simunkalola munthu kusintha siteshoni. Munkati, "Ine ndimamva mawu a munthu, osati Chingerezi chake. Uyu wadya bwino lero. Uyu akazi ake amukwiyitsa. Uyu akungowerenga zimene amulembera." Yankho ali wamng'ono munkamukhazika pambali panu kuti azikumasulirani. Iye ankangopeka zake, inu n'kumagwedeza mutu kuvomereza, nonse awiri nkhope zili zolimba ngati muli pa mlandu.

Kalata yomuitana inali ndi mzere umodzi umene unatisowetsa mtendere. Inati kumeneko salowa ndi jinzi kapena tisheti. Munthu avale zaulemu, suti kapena chovala cha chitenje chosokedwa bwino. Mdzukulu wanu mukumudziwa. Zovala zake zonse ndi za ana a koleji, zina zong'ambidwa dala m'mabondo. Anafika kuno Lachinayi, Lolemba akufunika ku ntchito. Lachisanu m'mawa tinakwera matola kupita pa Boma, n'kutembenuza kaunjika yense wa mumsika. Tinapeza siketi imodzi yakuda ndi mabulauzi awiri oyera, zimenezo zinamukhala. Koma jekete lokhalo limene linalipo linali la mzimayi wina wa kunja wa mapewa ngati chitseko. Yankho atalivala manja ake anasowa. Tinaseka, koma pobwerera ndinamuona akupukuta m'maso. Anati anzake ndi ana a m'tauni, adzangomuyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti uyu wachokera ku mtedza.

Mlandu wanga unayambira apa. Inu simunalipo, ndiye ndikuuzeni zimene tinagwirizana. Tsiku losesa pamaliro anu, mlongo wanu, amalume a Lufeyo, anatikhazika pansi tonse. Anati miphika ndi makasu tizigwiritsa ntchito, koma sutikesi yanu ya bulauni ya zovala ikhale yokiya mpaka tsiku lovundukula chiliza mu Okutobala, pamene abale a ku Chipata ndi a ku Kasungu adzakhalepo onse. Anati potsegula ndi pogawa adzatsogolere ndi mng'ono wanu, amayi aang'ono a Velonika, poti mwa ana aakazi a m'mimba mwa agogo atsala ndi iwo okha. Kiyi anapatsa ine chifukwa ndine mwana wanu woyamba ndipo ndimakhala pakhomo pomwepo. Ndinavomera pamaso pa anthu onse, ndinawomba m'manja.

Koma ndinkadziwa chimene chinali pamwamba penipeni m'sutikesimo. Ndi nsalu ija ya buluu ya nkhanga zoyera imene munagula ku Chipata, yosasokedwa, imene munkaitulutsa kungoiyang'ana n'kuibwezeramo. Ndikakufunsani kuti mudzasoketsa liti, munkati, "Ndilibe kopita koyenera nsalu imeneyi. Ku tchalitchi ingakachimwitse anthu."

Lachisanu lomwelo titabwerako pa Boma, Yankho atapita kukaona mwana wa Maliko, ndinalowa m'nyumba mwanu, ndinakoka sutikesi kunsi kwa bedi n'kutsegula. Chimene ndinachotsamo ndi nsaluyo yokha, kenako ndinakiyanso. Munkandinena kuti manja anga amafika kumene mutu sunafike, ndipo tsiku limenelo munalondola.

Yankho anaizindikira nsaluyo atangoiona. Anandifunsa ngati ndapempha, ndipo ndinamuuza kuti amalume avomera. Linali bodza. Telala uja wa pafupi ndi chigayo anasoka Loweruka lonse, siketi yaitali ndi jekete lake. Mwanayo atavala n'kutuluka kuseri kwa katani, telalayo anasiya kupalasa makina. Yankho anaima monga munaimira inu pa chithunzi cha ukwati wa Maliko, chibwano m'mwamba. Ndinadziuza mumtima kuti sindinalakwe, kuti kopita koyenera kuja kwapezeka.

Ndikufotokozereni za ntchito yake, poti ndikudziwa kuti mukanamufunsa mpaka kumutopetsa. Akugona kwa azakhali ake ku Chinsapo, ndipo amakwera maminibasi awiri kuti akafike. Sabata yoyamba ankangosochera m'makonde. Ine ndinkayesa kuti ntchito ya aphungu ndi kukuwizana kuja tinkamva pa wailesi. Iye akuti ntchito yambiri imachitikira m'zipinda zing'onozing'ono, m'magulu otchedwa makomiti, kumene amaitana anthu kudzafotokoza nkhani, kuwafunsa mafunso, n'kulemba lipoti lopita ku nyumba yonse. Anamuika pansi pa mayi wina, kalaliki wa komiti yoona za ulimi, amene akuti saseka wamba koma amaphunzitsa bwino. Yankho amasanja mapepala m'mafaelo, amaika timapepala ta mayina patebulo, amalandira alendo pakhomo n'kuwaonetsa pokhala. Msonkhano ukayamba amakhala kumbuyo n'kumalemba zimene aliyense wanena. Kulankhula saloledwa. Inu ganizirani, Yankho kukhala maola atatu osatsegula pakamwa.

Tsiku loyamba analemba masamba khumi ndi awiri, akudzimva kuti wagwira ntchito. Mayiyo anamubwezera mapepalawo ali ofiira ndi inki, n'kumuuza kuti atsale masamba awiri, ndipo achotse paliponse pamene waikapo maganizo ake. Anakalirira m'chimbudzi, anandiuza yekha. Ine ndinamuyankha kuti agogo ake akanakhalapo akanakhala mbali ya mayiyo. Pano akuti inki yofiira ija yachepa, mwina mizere iwiri kapena itatu.

Nyumba yonse ikamakumana, akuti belu limalira m'makonde monse. Sipikala amalowa kutsogolo kwake kuli munthu wonyamula ndodo yonyezimira paphewa, onse n'kuimirira. Ophunzira amawalola kukhala m'mwamba n'kumaonerera. Akuti tsiku loyamba anafunafuna ndi maso phungu wanu uja wongowerenga, koma sanamudziwe poti aliyense anali ndi pepala m'manja.

Iyi ndiye imene ikusangalatseni. Tsiku lina komiti inkakambirana za chuku cha mtedza, chimene chimachititsa kuti ogula ena akane mtedza wathu. Kunabwera akatswiri ndi zithunzi zawo, kunena za nkhokwe ndi za matumba. Msonkhano utaimitsidwa, Yankho analimba mtima n'kuuza kalalikiyo kuti kwathu anthu ambiri amawaza madzi mtedza asanauswe kuti makoko afewe zala zisapweteke, ena n'kumatero kuti ulemere pa sikelo, ndipo chuku chimayambira pamenepo. Anamuuza kuti agogo ake ankamenya dzanja la mwana aliyense wofika ndi madzi pafupi ndi mtedza. Sananame, dzanja langali likukumbukirabe. Munkati, "Mtedza unamwa kale madzi ake kumunda. Zala zikapweteka, pumulani." Mayiyo analemba funso pa kapepala n'kukapereka kwa wapampando, ndipo mawa lake wapampandoyo analifunsa kwa akatswiri aja. Dzina la Yankho silinatchulidwe, lanunso ayi. Koma Yankho anandiimbira foni, akuti katswiriyo anavomera kuti ndi zoona, ndipo nkhaniyo yalowa mu lipoti. Ndinanyada, amayi. Ndinakhala pakhonde panu n'kulira ndekha ndi chimwemwe.

Kuno anthu ayamba kumutcha Onarebo. Ena akundibweretsera makalata oti akapereke, uyu za mjigo wowonongeka, uyu za feteleza. Ndimawauza kuti mwanayo ntchito yake ndi kunyamula mafaelo, kalata zoterezi apite nazo kwa phungu wa dera, koma amayesa ndikubisa. Sindingawadandaule kwambiri poti ndinayambitsa ndine.

Msonkhano wa mtedza uja unaonetsedwa pa nkhani za pa kanema. Ife sitinaone, koma Yankho ananditumizira kachidutswa kake pa foni. Kanali kakafupi: wapampando akulankhula, kumbuyo kwake Yankho akudutsa mafaelo ali pachifuwa, n'kuwerama kuika pepala patebulo. Nkhanga zoyera zija zikuoneka bwinobwino, munthu akhoza kuziwerenga. Ndinakaonera mpaka batire kutha. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinazungulira nayo foniyo bwalo lonse. Ndinaonetsa a kwaya, ndinaonetsa amayi a bungwe, ndinaonetsa ngakhale akatekisiti amene maso awo saona bwino. Chimwemwe chinandichotsa nzeru. Ndinafika pamene panali amayi aang'ono, ali pansi pa mtengo akumanganso duku, n'kuwapatsa foniyo m'manja ndekha.

Anaonera. Anati ndibwezerenso, ndinabwezera. Kachitatu anandiuza kuti ndiimitse pamene mwanayo wawerama. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera foni ndi manja awiri monga amachitira ndi mlendo. Anangoti, "Wakula mwanayu. Nsalunso ndi yabwino." Ndipo ananyamuka. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti ku Chipata kuja munapita awiri, ndipo ndi iwo amene anakusankhirani nsaluyo.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuponda pakhomo pano. Chimwalirireni inu ankabwera Lachitatu lililonse, kukhala pamalo panu pakhonde, kundithandiza kuswa mtedza kwinaku akundiuza zonse zimene ndikulakwitsa. Lachitatu linafika, kunali zii. Tikakumana kumsika ankayankha moni bwinobwino, "Tili bwino, kaya inu," ine amene ankandichapira matewera. Kenako anatumiza uthenga kwa amalume kuti pa tsiku la chiliza sadzabwera, amene anayamba kugawa apitirize yekha.

Amayi, ndinachita mantha. Chiliza chikhoza kumangidwa, anthu akhoza kubwera n'kudya, koma sutikesi adzatsegula ndani, ndipo abale a ku Chipata ndidzawauza chiyani? Komanso si zokhazo. Inu mutapita, munthu amene ndingamuitane kuti amayi n'kundiyankha ndi iwo okha. Ndinaona kuti ndikutaya amayi awiri chaka chimodzi, ndipo achiwiriwa ndawakankha ndekha.

Amalume anandikalipira pang'ono, chipewa akuchitembenuza m'manja, kenako anati nkhani za alongo awo iwo sazitha, ndipite ndekha. Ine mwa nzeru zanga ndinaganiza kuti vuto ndi nsalu. Ndinati mwina munawalonjeza, kapena ankaisirira kuyambira tsiku logula. Ndinatumizira Maliko chithunzi, ndipo anazungulira masitolo a ku Chipata maulendo awiri mpaka anapeza yofanana, kungoti nkhanga zake n'zazing'ono pang'ono. Ndinanyamula nsaluyo ndi tambala wanga wamkulu, ndinapita kwawo, ndinagwada n'kupepesa. Ndinalankhula zambiri, za kalata, za kaunjika, za masiku amene anali ochepa. Tambala analandira. Nsalu sanaifunyulule n'komwe, anangoti zovala ali nazo zokwanira. Ndinabwerera nayo kukhwapa, njira yonse ndikung'ung'udza kuti nkhalamba zina n'zovuta. Mundikhululukire, ndinanenadi.

Amene anakonza zinthu ndi mdzukulu wanu. Anamva kwa mkazi wa Maliko kuti amalume sanavomere chilichonse, ndipo anandiimbira foni atapsa mtima. Anati ndamuveka nsalu yakuba m'nyumba yopangira malamulo, n'kumuonetsa nayo dziko lonse. Anasiya kuivala, sabata yonse ankangosinthanitsa mabulauzi aja pa siketi yakuda. Loweruka la sabata yatha anatulukira kuno, chovalacho atachipinda mu jumbo, n'kunena kuti tipite kwa agogo ake aang'ono. Panjira anandiuza kuti, "Amayi, tikafika musayambe ndinu kulankhula. Kuntchito ndaona kuti munthu ukafuna akufotokozere, umamusiya amalize. Inu mwakhala mukuyankha funso limene agogo sanafunse." Zinandipweteka kulangizidwa ndi mwana amene ndinamubereka kumbuyo, koma ndinamvera.

Tinawapeza ali pa mphasa akusankha nyemba. Yankho anagwada, anaika jumbo patsogolo pawo, n'kunena kuti sankadziwa, ndipo wabweza. Kenako anakhala chete. Inenso ndinatseka pakamwa, ngakhale mawu ankandiyabwa. Panapita nthawi yaitali moti nkhuku zinayamba kutola nyemba m'lichero popanda wozipirikitsa.

Amayi aang'ono anatulutsa jeketelo, analitembenuza kuona msoko, kenako analifikitsa kumphuno. Ananunkhiza pa kolala, ananunkhiza m'manja mwake, n'kupukusa mutu. "Sopo wa ku Lilongwe," anatero. Ndiyeno anatembenukira kwa ine. "Iwe Esinta, ukuyesa ine ndikulirira nsalu? Nsalu imeneyi mkulu wanga akanampatsa yekha mwanayu, ine n'kuperekeza kwa telala. Ukanandiuza, ndikanabwera tsiku lomwelo. Ine ndakhala ndikuwerenga masiku kuti ndidzakhalepo sutikesi ija ikamadzatsegulidwa koyamba. Zovala za munthu zikatsekeredwa zimasunga fungo lake, koma ukatsegula limatuluka ndipo silibwereranso. Ndimafuna ndidzamumve mkulu wanga kamodzi kokha. Iwe unakamumva wekha."

Miyezi yonseyi sindinaganizepo kuti iwonso anakhala nanu zaka zambiri kuposa ine, kuti munkafunda bulangete limodzi ine ndisanabadwe. Zimene ndinawalanda Maliko sangakazipeze ku Chipata.

Patapita kanthawi anandifunsa, mawu atatsika, "Nanga kunkamveka chiyani?" Ndinayamba kuwauza chimodzichimodzi. Sopo wanu wobiriwira wochapira. Mafuta aja a m'kabotolo amene munkadzola Lamlungu lokha. Utsi wa m'khitchini umene unakana kuchoka mu juzi yanu yofiira. Ndi fodya wa mphuno amene munkabisa mu sokisi. Atamva za fodyayo anaseka misozi ikutsika. "Ankabisira ansembe," anatero, "koma womugulira ndinali ine." Tinalira atatu pa mphasapo, nkhuku zikupitiriza ntchito yawo.

Chovalacho amayi aang'ono anamubwezera Yankho. Anamuuza kuti akavale Lolemba, ndipo akadzadutsanso pa kanema ayende pang'onopang'ono kuti nkhanga zioneke bwino. Anamufunsa za ntchito yake, n'kumuuza kuti akauze akuluakuluwo kuti sikelo za mavenda nazonso zikufunika lipoti. Ine ndinamasula kiyi ku chitenje changa n'kuika pa mphasa. Bambo a Yankho anamangirira sutikesi pa njinga n'kukaisiya kwa amayi aang'ono, ndipo pano ili kunsi kwa bedi lawo. Anena kuti pa chiliza abwera. Lachitatu lapitali anafika kudzaswa mtedza wotsala, n'kundinena kuti ndimaswa ngati munthu wobwereka zala.

Yankho watsala ndi masabata awiri kuti amalize. Kalaliki uja ndi amene adzalembe kalata yopita ku koleji yonena mmene wagwirira ntchito, ndipo mwanayo akuyembekezera mtima uli m'mwamba. Akuti akadzamaliza maphunziro akufuna adzabwerere komweko, osati ngati phungu, koma ngati mayi wa inki yofiira uja. Pa chiliza adzakhalapo, ndipo amayi aang'ono alamula kuti adzavale nkhangazo abale a ku Chipata adzaone.

Ndikanatha kutsekera apa, inu n'kumayesa kuti zonse zatha bwino. Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni sindinachinenebe. Asanatole kiyi uja pa mphasa, amayi aang'ono anandifunsa ngati sutikesiyo inakhala yotsegula nthawi yaitali. Ndinati ayi, kamphindi chabe, kungochotsa nsalu n'kutseka. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Ndiye mwina fungo lija latsalamo." Anamangirira kiyi ku chitenje chawo nkhope itawala.

Limenelo linali bodza lachiwiri, ndipo ndi limene likundilemera. Sikanali kamphindi. Nditangokweza chivundikiro munandifikira nonse, ngati mwalowa m'chipindamo kuchokera kumunda. Ndinagwada pansi n'kuika nkhope yanga m'zovala zanu. Ndinatulutsa juzi, ndinatulutsa maduku, ndinafunda chitenje chanu cha ku tchalitchi kumutu. Ndinakhala choncho mpaka dzuwa linachoka pa windo, mbuzi n'kubwera zokha kukhola. Nsalu ya nkhanga ija ndinaikumbukira pomaliza, nditayamba kale kubwezera zinthu. Pano ndikuona kuti jekete la Yankho ndikanatha kulibwereka kwa aphunzitsi a pa sukulu, kapena kupempha amayi aang'ono monga anenera. Ndinkangofuna chifukwa choti nditsegule. Ndinakusowani, ndipo Okutobala anali kutali.

Sindikudziwa ngati m'sutikesimo mwatsala kanthu. Mng'ono wanu akugona pamwamba pake tsiku lililonse akukhulupirira mawu anga. Ngati kumeneko amakulolani kupempha kanthu, pemphani kuti litsalemo, ngakhale pa duku limodzi lokha la pansi penipeni limene mwina sindinalikhudze.

Ine ndikulonjezani ichi. Pa tsikulo sindidzalowa m'chipinda. Ndidzakhala panja, nditatsamira chitseko, ndipo sipadzadutsa munthu, kaya amalume, kaya a ku Chipata, mpaka mng'ono wanu atatsegula yekha n'kukhala nanu nthawi yonse imene akufuna. Akadzatuluka, kaya akumvani kaya ayi, ndidzagwada ndiwauze zoona.

Ndimakukondani, amayi. Mupereke moni kwa abambo.

Ine mwana wanu,
Esinta